Kusankha gitala ya magetsi ya nsambo 7: zimene zimasintha kaliridwe ndi kagwiridwe kake

Gitala ya magetsi imene anthu ambiri anaizolowera ili ndi nsambo 6, zomwe zimachunidwa pa manotsi otchedwa E, A, D, G, B ndi E kuyambira pa nsambo yonenepa kwambiri. Ya nsambo 7 imasunga zonsezi mmene zilili, koma imawonjezerapo nsambo ina yonenepa kuposa zonse, imene kawirikawiri imachunidwa pa B. Nsambo ya E yonenepa imanjenjemera maulendo pafupifupi 82 pa sekondi, pomwe ya B imanjenjemera maulendo pafupifupi 62, ndipo kutsika kumeneku kumapatsa woimba manotsi 5 owonjezera amene m'gulu loimba akanasiyidwira gitala ya besi. Nsambo imodziyi ndi imene imavumbula zofooka zonse za gitala, chifukwa mawu otsika chonchi sachedwa kusokonekera ngati china chake sichinapangidwe bwino. N'chifukwa chake magitala awiri a mtengo wofanana, ooneka mofanana pa chithunzi, akhoza kusiyana kwambiri akangofika m'manja.

Nsambo 7 si za dzana. Ku Russia gitala yotere, yosagwiritsa ntchito magetsi, inafala kwambiri m'zaka za m'ma 1800, ndipo ku Brazil oimba nyimbo za choro akhala akuigwiritsa ntchito poyendetsa mawu a besi pansi pa zida zina. Ku America, katswiri wa jazi George Van Eps anapangitsa yake ku kampani ya Epiphone mu 1938, ndipo nsambo yowonjezerayo ankaichuna pa A kuti aziimba besi ndi ma chord (manotsi angapo olizidwa pamodzi) nthawi imodzi. Koma gitala imene tikuikamba pano, ya thabwa lopanda mphako, inayamba kupangidwa yambiri mu 1990 pamene kampani ya Ibanez inatulutsa gitala yotchedwa Universe mogwirizana ndi woimba gitala Steve Vai. Imene inaitchukitsa kwenikweni ndi Korn, gulu la ku California lomwe linatulutsa chimbale chake choyamba mu 1994, ndipo oimba ake anatsitsa nsambo zonse mpaka yonenepayo inafika pa A. Apa m'pamene panayambira vuto limene wogula aliyense akulimbana nalo mpaka lero. Universe inali ndi utali wofanana ndi wa magitala ena a Ibanez a nsambo 6, koma oimba anapitiriza kutsitsa machunidwe awo, ena mpaka G kapena kutsika kuposa pamenepo, ndipo utali wakalewo unayamba kupereka mavuto.

Utali umene ukunenedwa apa ndi wa gawo la nsambo limene limanjenjemera, kuyambira pa nut, kachidutswa kamene nsambo zimatsamirapo kumutu kwa khosi, kukafika pa bridge, pamene zimatsamira pa thupi la gitala. Opanga amaulemba m'mainchesi, ndipo wodziwika kwambiri ndi 25.5, womwe ndi mamilimita 648, kenako 26.5, womwe ndi 673, ndi 27, womwe ndi 686. Mawu a nsambo amadalira zinthu zitatu, utali wake, kulemera kwake ndi mmene yakungikira. Munthu akatsitsa mawu pa nsambo yomweyo ndi utali womwewo, zimene wachita ndi kuikhwefula basi, ndipo nsambo yokhwefuka ili ndi makhalidwe oipa awiri. Choyamba imagwedezeka motambalala n'kumagunda ma fret, tizitsulo topingasa ta pakhosi tija, zomwe zimatulutsa kaphokoso kosafunika. Chachiwiri, chimene chimavutitsa kwambiri pojambula nyimbo, n'chakuti ikamenyedwa mwamphamvu mawu ake amayamba akwera pang'ono kenako n'kutsikira pamalo ake, moti gitala yochunidwa bwinobwino imamveka ngati yosachunidwa pa noti iliyonse yomenyedwa ndi mphamvu.

Pali njira ziwiri zobwezeretsera kukungikako. Yoyamba ndiyo kuika nsambo yonenepa. Unene wa nsambo umawerengedwa m'tizigawo ta inchi imodzi itagawidwa ka 1,000, ndipo oimba amangotchula nambala, monga 56 kapena 62. Paketi ya Ernie Ball Regular Slinky ya nsambo 7 imayambira pa 10 n'kuthera pa 56, pomwe ya D'Addario EXL110-7 imathera pa 59. Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo imathandiza, koma ili ndi malire ake, chifukwa nsambo ikanenepa kwambiri pa utali waufupi imasiya kupindika momasuka n'kuyamba kukhala ngati kamtengo kachitsulo. Timawu ting'onoting'ono timene timakhala pamwamba pa noti iliyonse, tomwe timachititsa kuti khutu lizindikire notiyo msanga, timasiya kugwirizana ndi noti yeniyeniyo, ndipo zotsatira zake ndi mawu ogontha, osachedwa kufa, omveka ngati a gitala ina poyerekeza ndi nsambo 6 zinzake. Njira yachiwiri ndiyo kutalikitsa gitala. Pa nsambo yomweyo ndi noti yomweyo, utali wa 26.5 umawonjezera kukungika ndi pafupifupi 8 peresenti poyerekeza ndi 25.5, ndipo wa 27 umawonjezera pafupifupi 12 peresenti. Zimenezi zimalola woimba kugwiritsa ntchito nsambo yowondako imene imalira momveka bwino koma yosalendewera.

Kutalikitsako kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira ndi zala komanso nsambo zowonda. Kukungika kowonjezerako sikusankha nsambo, choncho ya E yowonda ndi ya B yowonda nazonso zimalimba, zimavuta kuzikankhira m'mwamba pokweza noti monga amachitira oimba lidi, ndipo mawu ake amatha kukhala akuthwa mopitirira. Mipata ya pakati pa ma fret nayo imakula. Fret yoyamba ili pa mamilimita pafupifupi 36 kuchokera pa nut pa gitala ya 25.5, ndipo pa ya 27 ili pa 38 ndi theka. Pofika pa fret yachisanu kusiyanako kwayandikira sentimita yathunthu. Sentimita imodzi imaoneka yochepa pa rula, koma kwa kachala kakang'ono kamene kakutambasuka kale mpaka polekezera, imasiyanitsa chord yotheka ndi yosatheka.

Choncho funso loyamba kwa wogula si dzina la kampani ayi, koma machunidwe amene azikhalamo masiku ambiri. Amene akufuna B wamba, ndipo nyimbo zake zambiri zili pa nsambo zowonda, sakusowa choposa 25.5. John Petrucci wa gulu la Dream Theater, yemwe amathamanga pakhosi lonse, wakhala akuimba magitala a nsambo 7 a utali umenewu kwa zaka zambiri, ndipo Ibanez RG7421 ndi chitsanzo chotsikirako mtengo cha mtundu womwewu. Amene akufuna kutsitsa nsambo yonenepayo kufika pa A, komwe imanjenjemera maulendo 55 pa sekondi, amapeza mpumulo pa 26.5, utali wa Schecter Hellraiser C-7, wa magitala a Ibanez otchedwa RGD, ndi wa Jackson JS22-7 ya masiku ano. Wofuna G kapena kutsika kuposa apo ayang'ane za 27, monga ESP LTD SC-607B yomwe ili ndi dzina la Stephen Carpenter wa gulu la Deftones. Pogula gitala yakale si bwino kudalira dzina lokha, popeza makampani amasintha miyezo pakapita zaka dzina lili lomwelo. Kuyeza n'kosavuta: mtunda wochokera pa nut kufika pa fret ya 12 ukachulukitsidwa kawiri ndiwo utali wa gitalayo.

Opanga ena anayesa kukhutiritsa mbali zonse ziwiri popendeketsa ma fret, kuti nsambo yonenepa ikhale yaitali ndipo yowonda ikhale yaifupi. Maganizowa ndi akale kwambiri pa zida za nsambo, koma amene anawabweretsa pa gitala ya magetsi ndi Ralph Novak, yemwe analembetsa umwini wa njirayi mu 1989. Ibanez RGMS7 imachoka pa 25.5 kufika pa 27, pomwe Strandberg Boden ya nsambo 7 imapendekeka pang'ono chabe, kuchoka pa 25.5 kufika pa 26.25. Anthu ambiri amaopa maonekedwe ake, koma dzanja limazolowera msanga kuposa diso. Choyenera kuyang'ana ndi malo amene pali fret yowongoka, chifukwa ikakhala kutali ndi mutu wa gitala, ma fret oyambirira amapendekeka kwambiri ndipo ma chord ogwira ndi chala chimodzi chopingasa amakhala ovuta. Chinanso n'chakuti ma pickup (tizida totola mawu a nsambo) ndi bridge za magitala otere nthawi zambiri zimakhala zopendekeka nazonso, ndipo zolowa m'malo mwake sizipezeka chisawawa.

Utali ukadziwika, chotsatira ndi khosi, ndipo ichi palibe angasankhire mnzake. Khosi la nsambo 6 limatambalala mamilimita 42 kapena 43 pa nut, pomwe la nsambo 7 limafika 47 kapena 48. Kusiyanaku kumathetsa chizolowezi chimene oimba ambiri ali nacho chokoleka chala chachikulu pamwamba pa khosi, ndipo chalacho chimakakamizika kutsikira kumbuyo, pakati penipeni. Ibanez imadziwika ndi makosi opyapyala ndi aphwatalala otchedwa Wizard, amene pa nsambo 7 amakhala mamilimita pafupifupi 19 pa fret yoyamba, pomwe Schecter, makamaka pa magitala ake akale a Hellraiser, inkapanga makosi odzaza dzanja ndi ozungulira kumbuyo. Pali chikhulupiriro chofala chakuti wa manja aang'ono asankhe khosi lopyapyala, koma chimenechi n'choona mwa theka chabe. Khosi lopyapyala koma lotambalala limakhala ndi m'mbali mochindikala mwadzidzidzi, ndipo ena limawatopetsa chikhatho chifukwa dzanja limakhala lopinimbira popanda potsamira. Kuligwira mphindi ziwiri m'sitolo sikuulula zimenezi. Kutopako kumabwera munthu akaimba kwa nthawi ndithu, makamaka ma chord a pa ma fret oyambirira.

Pamwamba pa khosi, pomwe zala zimaponda, pamakhala pokhota pang'ono kuchokera m'mbali ina kupita ina, ndipo nambala yoyezera kukhotako ikakula ndiye kuti pamalopo ndi paphwatalala. Fender zambiri za masiku ano zili pa mainchesi 9.5, Ibanez zambiri za nsambo 7 zili pafupi ndi 16, ndipo Jackson imayamba ndi 12 kumutu n'kumaphwatalala mpaka 16 chakuthupi. Kuphwatalala kumalola nsambo kutsitsidwa pafupi ndi ma fret popanda noti kutsamwa ikamakwezedwa, ndipo pa khosi lotambalala chonchi ubwino wake ndi woonekeratu. Koma amene wachokera ku Fender Stratocaster amamva ngati chilichonse chasintha nthawi imodzi, ndipo amatha kuimba mlandu nsambo yowonjezerayo pomwe chomusowetsa mtendere ndi kaumbidwe ka khosi.

Gitala iyesedwenso munthu ataima, ili pa lamba. Khosi lalitali lokhala ndi zochunira 7 kumutu limalemera, ndipo ngati thupi ndi lopepuka kapena nyanga yam'mwamba yokolekapo lamba ndi yaifupi, mutu umagwera pansi ukangosiyidwa. Zikatero dzanja lamanzere limagwira ntchito ziwiri, kunyamula khosi ndi kuimba, ndipo palibe kukonza kumene kumathetseratu vutoli.

Pa bridge pali chisankho chimene anthu ambiri amanong'oneza nacho bondo. Ya mtundu wa Floyd Rose imayandama, kutanthauza kuti mphamvu ya nsambo zonse imalimbana ndi masipuling'i a kumbuyo kwa gitala, ndipo zonse zimakhala bwino pokhapokha mbali ziwirizi zikufanana. Woimba akangotsitsa nsambo yonenepa kuchoka pa B kufika pa A, zinzake 6 zimakwera, ndipo nsambo imodzi ikaduka pakati pa nyimbo gitala yonse imasokonekera. Kwa amene amagwiritsadi ntchito kandodo kogwedezera mawu ndipo sasinthasintha machunidwe, ndi chida chabwino kwambiri. Koma ogula nsambo 7 ambiri amayamba asanadziwe kumene adzakhazikike, amayesa B lero, A mawa, nsambo zonenepa mwezi wamawa, ndipo kwa iwowa bridge yokhazikika, monga ya Hipshot kapena zofanana nayo, imapulumutsa maola ambiri. Pa bridge iliyonse, tizitsulo timene nsambo zimatsamirapo timasunthira kutsogolo ndi kumbuyo kuti noti ya pa fret ya 12 igwirizane ndi ya nsambo yosagwira, ndipo nsambo yonenepa imafuna kachitsulo kake kabwerere m'mbuyo kwambiri. Ngati pogula kali kale kumapeto, ndiye kuti nsambo yonenepa kuposa imene ilipoyo sidzachunika bwino pakhosi lonse. Palinso EverTune, imene ili ndi sipuling'i pa nsambo iliyonse yosunga kukungika pamlingo umodzi, ndipo imachepetsa kwambiri vuto lija la noti kukwera ikamenyedwa, ngakhale imawonjezera mtengo.

Ma pickup, maginito okulungidwa ndi waya amene amasandutsa kunjenjemera kwa nsambo kukhala magetsi, ndiwo amatenga malo aakulu m'zotsatsa malonda, komabe m'maganizo anga ayenera kubwera pambuyo pa zonse zatchulidwazi, chifukwa iwo amasinthika pomwe utali ndi khosi sizisinthika. Alipo oyendera batire la mavoti 9, monga EMG 707, amene amakhala opanda phokoso lambiri ndipo amafananitsa mphamvu ya manotsi, kaya munthu wamenya mofatsa kaya mwaukali. Ena amakonda zimenezi chifukwa nsambo yonenepa imamveka yolunjika, ena amati zimabisa kusiyana kwa kamenyedwe. Alipo osafuna batire, monga DiMarzio Blaze amene anali mu Universe, kapena awiri a Seymour Duncan otchedwa Nazgûl ndi Sentient, omwe amamvera kwambiri dzanja la woimba. Fishman Fluence ndi a batire koma ali ndi kaliridwe koposa kamodzi mu pickup imodzi. Chenjezo lake ndi la kukula kwa dzenje limene pickup imakhalamo: EMG 707 ili m'kabokosi kakakulu kuposa ma pickup wamba, choncho kusintha kuchoka ku mtundu wina kupita ku unzake nthawi zina kumafuna kusema thabwa kapena kusiya mipata yoonekera.

Cholakwika chofala ndi kuganiza kuti nsambo yotsika imafuna pickup yamphamvu kwambiri ndi besi wambiri. Zoona zake n'zosiyana. Sipika yotchuka ya Celestion Vintage 30, imene ili m'mabokosi ambiri a ampulifaya za gitala, inalembedwa kuti imayambira pa maulendo 70 pa sekondi (70 Hz), kutanthauza kuti B wa 62 ndi A wa 55 ali kale pansi pa malire ake. Chimene khutu limamva ngati noti yolemera kwenikweni ndi timawu tapamwamba tija, ndipo ubongo ndiwo umadzazamo chotsalacho. Besi wochuluka akalowa mu ampulifaya imene yatsegulidwa kuti iphwanye mawu (kuwachititsa kumveka mokalipa), manotsi amaphatikizana moti sipadziwika pamene ina yathera ndi pamene inzake yayambira. N'chifukwa chake oimba nyimbo za metal ambiri amaika kachida monga Ibanez Tube Screamer patsogolo pa ampulifaya, osati kuti kawonjezere kuphwanyako, koma kuti kadule besi asanalowe. Nkhaniyi imakula gitala ikalowa m'gulu, chifukwa besi ya nsambo 5 nayo ili ndi B wake wa maulendo pafupifupi 31 pa sekondi, ndipo dzanja lamanzere la woimba kiyibodi limayenda m'dera lomwelo. Gitala imene imamveka yonenepa mokoma munthu ali yekha m'chipinda imatha kuzimiririka zida zitatuzi zikakumana, pomwe yomveka yowumako payokha ndi imene imaonekera.

Poyesa gitala, ndi bwino kuyamba isanalumikizidwe ku magetsi, kumvetsera ngati nsambo yonenepa ikulira kwa nthawi yofanana ndi zinzake ndiponso ngati pali fret imene noti imafa msanga. Kenako ilumikizidwe pa mawu oyera, osaphwanyidwa, ndipo munthu aimbe chord yophatikiza nsambo yonenepayo ndi zowonda kuti amve ngati noti iliyonse ikudziwika payokha. Mawu ophwanyidwa kwambiri amakometsa gitala iliyonse kwa mphindi zochepa, ndipo ndiwo ayenera kuyesedwa pomaliza.

Za mtundu wa thabwa anthu amakangana kosatha. Ibanez imakonda basswood pa magitala ake ambiri, Schecter imakonda mahogany, ena amasankha alder kapena ash, ndipo aliyense ali ndi mawu ake ofotokozera kaliridwe ka mtengo wake. Pa gitala ya thabwa lopanda mphako, kusiyana kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi kwa nsambo, pickup ndi sipika, ndipo sikoyenera kulamulira chisankho. Pamene mtengo uli ndi ntchito yosakayikitsa ndi pa kulemera kwa gitala ndi kukhazikika kwa khosi, lomwe likukokedwa ndi nsambo 7 usana ndi usiku. Makosi ophatikiza timatabwa tingapo, kapena olimbitsidwa ndi timitengo ta graphite mkati monga imachitira Jackson, sapindika wamba nyengo ikasintha. Kuno kwathu, komwe kuuma kwa mu October kumatsatidwa ndi chinyezi cha dzinja, zimenezi si nkhani ya m'mabuku chabe: thabwa limafota ndi kufufuma, nsonga za ma fret zimatha kuyamba kukanda chikhatho m'chilimwe, ndipo chitsulo chowongolera khosi, truss rod, chimafunika kuchikhudza nyengo zikamasinthana. Pogula gitala yakale, kuonetsetsa kuti chitsulochi chikuzungulira mbali zonse n'kofunika kuposa kuwerenga zipsera za utoto.

Mtengo wa ndalama nawo uli ndi tanthauzo lake lenileni. Ibanez Prestige zimapangidwa ku Japan, magitala ambiri a mtengo wapakati a makampani osiyanasiyana amachokera ku Indonesia ndi ku South Korea, ndipo otsikitsitsa amachokera ku China kapena ku Indonesia komweko. Ndalama zowonjezerazo zimagula makamaka nthawi ya mmisiri, yosalaza ma fret kuti afanane msinkhu, yosema bwino mipata ya pa nut, ndi zitsulo zosadyeka msanga. Gitala yotsika mtengo ya utali woyenera, itapititsidwa kwa wokonza waluso, kawirikawiri imaimbika bwino kuposa yodula ya utali wolakwika. Ndipo pali ena amene sakufunika nsambo 7 n'komwe. Munthu amene akungofuna mawu otsika ndipo nsambo yowonda kwambiri saikhudza akhoza kupeza zomwezo pa gitala ya baritone ya nsambo 6, ya utali wa 27 kapena kuposa, khosi lili lomwe analizolowera, popandanso ntchito yowonjezera yotontholetsa nsambo imene imangolira yokha pamene zinzake zikuimbidwa.

Woimba amene amakhala kutali ndi masitolo akuluakulu a zida zoimbira aganizirenso za nsambo zosinthira asanaitanitse gitala kunja, pakuti mapaketi a nsambo 7 sapezeka paliponse pamene a nsambo 6 amapezeka. Njira yosavuta ndiyo kugula mapaketi wamba a nsambo 6 n'kuitanitsa padera nsambo zonenepa zingapo za unene umodzi, popeza yonenepayo siiduka kawirikawiri koma imagontha pakapita nthawi. Nsambo ya besi siilowa m'malo mwake mosavuta, chifukwa kampira ka kumapeto kwake n'kakakulu kuposa malo ake pa bridge ya gitala. Wofuna kupitirira pa unene umene gitala inabwera nawo ayembekezerenso kuti mpata wa pa nut udzafunika kuukulitsa ndi tupa, ndipo nthawi zina nsambo yonenepa kwambiri imakana kulowa pa kachibowo ka chochunira mpaka waya wokulunga kunja kwake atamasulidwa pang'ono kunsonga.